Ousa Mvula M'kalavani

Nkhani ya Elufe Makawa siikambidwa anthu akudya. Ngati muli ndi kanthu m'kamwa, mezani kaye.

Elufe anali wophika pa gulu la omanga milatho, aja amasamuka ndi msasa wawo, lero kuno, mwezi wamawa kuseri kwa phiri. Anali mayi wamasiye wa ku Migowi, ndipo msasa wonse unkamudziwa ndi chinthu chimodzi, nseru. Ntchentche ikangotera m'ndiwo, mbale yonse ankakhuthulira agalu. Munthu akamina pafupi ndi pophikira pake, ankamva mawu oti akawafotokozerenso ana ake. Amuna a pamsasa ankamuseka kumbali, koma chiyambire iye kuphika panalibe anatsekulapo m'mimba, ndiye ankangomusiya.

Ufumu wake unali kalavani. Inali nyumba yamatayala yakalekale, ya malata oyera, yokhala ndi mabedi awiri, mashelufu ndi kachitseko kamodzi pambali. M'menemo ndi mmene Elufe ankagona, ndiponso mmene ankasunga ufa, nyemba, mchere ndi mapoto. Ankaikwecha m'mawa ndi madzulo. Nsapato sinkalowamo, ngakhale ya kapitawo.

Chaka chimenecho, nthawi ya dzinja ikupita kumapeto, msasa unasamukira kutsidya kwa phiri. Malole anatsogola ndi anthu ndi simenti. Kalavani inatsalira m'mbuyo chifukwa thirakitala yoikoka inkayenda ngati bilimankhwe. Woyendetsa anali Bizweki Nakhaphe, bambo wamtali, wofatsa, wosadziwa kukana. Munthu akamupempha malaya ankayamba kumasula mabatani. Elufe anakana kusiyana ndi mapoto ake, choncho anakwera pambali pa Bizweki, pamwamba pa tayala lalikulu, atayala chitenje kuti asadetsedwe ndi girisi.

Dzuwa litapendeka, kapitawo wawo, a Khoviwa, anaimba foni. Anati wailesi yalengeza kuti namondwe waoloka kale malire ndipo afika tsiku lomwelo. Anawauza kuti aime pomwe apeze malo abwino, aimange kalavaniyo zolimba, asayerekeze kuoloka mtsinje uliwonse. Atangotero foni inaduka, ndipo siinaimbenso.

Kunja kunali zii. Mbalame zinali zitasiya kulira. Mitambo inali yolemera ngati phulusa lonyowa, ndipo thukuta linkatuluka koma osauma.

Bizweki anayenda akuyang'ana uku ndi uku. Pansi pa mitengo anapakana, poopa nthambi. Pamtunda poonekera anapakana, poopa mphepo. Pafupi ndi mtsinje sanayang'ane n'komwe. Kenako msewu unawatulutsira pa bwalo lalikulu lamchenga m'tsinde mwa phiri. Panalibe mtengo, panalibe munda, panalibe kanjira ka mbuzi. Panali miyala yokha, ina yaikulu ngati nyumba, itangokhala apa ndi apo. Paphiri panali chipsera chofiira chochokera pamwamba mpaka pansi.

Elufe atachiona chipseracho anadziwa. Ananena kuti apa panadutsa napolo, ndipo si malo ogonapo munthu. Bizweki anayankha mofatsa kuti zonse zimene zinali zoti zigwe paphiripo zinagwa kale, ndipo kuseri kwa mwala umodzi waukulu ndi kumene mphepo ingawaphonye. Kubwerera kunali kosatheka, chifukwa kamtsinje kamene anaoloka masana kanali katayamba kale kufiira.

Anayamba ntchito nthawi yomweyo. Bizweki anaitembenuza kalavani kuti mphuno yake iloze kochokera mphepo, isapereke nthiti. Anatsitsa miyendo yake inayi n'kuiponderetsa pa matabwa kuti isamire mumchenga. Elufe anatuta miyala n'kutsekera matayala kutsogolo ndi kumbuyo. Bizweki anaiimika thirakitala pafupi kuti nayo itchinge. Anatseka mawindo, kachivundikiro ka padenga anakamanga ndi waya. Kenako anaponya malamba aatali pamwamba pa denga, mbali iyi mpaka mbali iyo, n'kutulutsa zikhomo zachitsulo zotalika ngati mkono wa munthu.

Apa ndi pamene zinavuta. Mchenga unali wofewa. Chikhomo chinkalowa ngati m'phala, ndipo Bizweki akakoka lamba, chinkazuka chokha. Anayesa apa, anayesa apo. Mphepo yoyamba inadutsa, yotentha, n'kugwedeza kalavani pang'ono ngati ikuiyeza kulemera.

Fungo ndi limene linayamba kufika. Elufe anaganiza kuti pali galu wakufa kuseri kwa mwala. Linali fungo la dothi la pansi pa chimbudzi chakale, losakanikirana ndi la nyama yoiwalika m'thumba. Anakweza chitenje kukamwa, n'kutembenuka.

Pakati pa miyala pankabwera bambo atasenza chitseko pamutu. Chinali chitseko chathabwa, chobiriwira, loko wake akali lende. Nkhope sinkaoneka bwino chifukwa cha mthunzi wa chitsekocho. Kuyambira kumapazi mpaka pachifuwa anali matope okhaokha, onyowa, akudontha, chonsecho mchenga wonse unali wouma. Ntchentche zinkalowa m'khutu mwake n'kutulukanso, iye osazithamangitsa.

Anapereka moni mwaulemu, ndi mawu ngati a munthu amene ali ndi mchenga pakhosi. Anaima n'kuonerera Bizweki akulimbana ndi chikhomo. Kenako anayenda pang'ono n'kuloza pansi ndi chala chakuphazi.

"Khomani apa, achimwene. Apa pali mtanda wa denga, wa bulugama, ndinauika ndekha."

Bizweki anayang'ana Elufe ngati akunena kuti ndi wozungulira mutu, tisamukhumudwitse. Anaika chikhomo pamene analozapo n'kumenya. Chinalowa mofewa, kenako pansi panamveka kulira kwa lata likubooka, kenako chinaluma chinthu cholimba. Anakoka lamba ndi mphamvu zake zonse. Chikhomo sichinasunthe.

Mlendo uja anapitiriza kuloza. Apa, anati, ndi pa nyumba ya alongo ake. Apo ndi pa a Nachuma, denga lawo linali latsopano. Paliponse hamala ikamenya, lata linkalira pansi pa mchenga. Ndipo m'mbali mwa chikhomo chilichonse munkatuluka kampweya kofunda, kokhala ngati ka munthu amene wakupumira m'khutu, kali ndi fungo lomwe lija. Elufe anathamangira kuseri kwa mwala n'kusanza mpaka m'mimba munatsala ndulu yokha.

Atabwerako anamunong'oneza Bizweki kuti azule zonse azipita, kulikonse, ngakhale pakati pa msewu. Bizweki nkhope inali itatuwa, koma analoza kumwamba. Mtambo wakuda unali utameza kale theka la phiri. Anati ogona pansi sanaphepo munthu, yopha ndi mphepo.

Malamba onse atamangika, mlendo anakonza chitseko chake pamutu.

"Ikafika, tidzause nawo mvula m'nyumba mwanumo. Kwathu kumalowa madzi."

"Palibe vuto, bambo," anatero Bizweki, monga ankachitira kwa aliyense.

"Tilipo angapo. Ana ndi amene amavutika."

Anabwerera mmene anadzeramo. Pomwe anaima panatsala chithaphwi chakuda, ntchentche zitaunjikanapo. Elufe anakankhirapo mchenga ndi phazi, kenako anatsuka phazilo ndi sopo. Anamuuza Bizweki kuti iye avomere zake, koma m'kalavani mwake, mosungira chakudya, simulowa munthu wamatope.

Bizweki anangoyang'ana kalavani. Nkhawa yake inali ina. Ankati kalavaniyo yapepuka kwambiri, mphepo ikalowa pansi malamba okha sangathe. Ankalakalaka amalole aja akanawasiyira matumba a simenti. Anadzaza ndowa ndi zigubu mchenga n'kuziika pansi mkatimo, pamwamba pa matayala, komabe akaikankha ndi phewa inkagwedera ngati dengu.

Mdima unagwa dzuwa lisanalowe. Mvula siinayambe ndi madontho, inangofika yonse, yoyenda chopingasa. Anakhala mkati, Bizweki pabedi lina, Elufe pa lina, tochi ili pakati. Malamba ankalira ngati nsambo za bangwe. Kalavani inkanyamuka pang'ono n'kutera, kunyamuka n'kutera, mapoto akugundana pashelufu.

Elufe anafuna kumwa madzi, koma kapu yake siinali pa msomali pake. Anaipeza pansi pafupi ndi chitseko, m'mphepete mwake muli matope, ngati mwamwera munthu wa milomo yadothi. Anaiponya mu ndowa. Atawalitsa tochi pa thumba la ufa, anaona chidindo cha dzanja, chonyowa, chaching'ono. Anayang'ana manja a Bizweki. Anali akuluakulu ngati mafosholo.

Kenako kunamveka kugogoda. Sikunali kwa mphepo, chifukwa mphepo sidikira yankho. Kunali kugogoda kwaulemu, m'munsi mwa chitseko, pamsinkhu wa bondo.

Elufe asanatsegule pakamwa, Bizweki anali atakoka kale chitsulo chotsekera. Mvula inalowa. Panja panalibe munthu. Koma kalavani inatsika pang'ono mbali ya khomo, monga imachitira munthu akaponda pa sitepe. Inatsikanso. Inatsikanso kachitatu, mopepuka, ngati waponda ndi mwana. Zinapitirira choncho, zitsulo za pansi zikulira, mpaka Elufe anasiya kuwerenga. Chitseko chinadzitseka chokha, bwinobwino, ngati wotseka ndi munthu woleredwa.

Kalavani inasiya kugwedera. Kunja mphepo inkabangula, koma mkati mapoto anakhala chete.

Tochi inayamba kufooka mpaka inangotsala kadiso kofiira. Fungo linadzaza paliponse. Elufe anayesa kupumira kukamwa, koma zinaipiratu, chifukwa tsopano ankalilawa, linkakhala palilime ngati mafuta oola. Pansi pamene anakwecha m'mawa uja pananyowa, ndipo madziwo anali onanda, ankamata kuphazi. Pakona wina anakhosomola, chifuwa cha nkhalamba. Kwina kunamveka kamwana kakuchita ntchirikitchi, ndi dzanja likukasisita pamsana. Matiresi amene Elufe anakhalapo anatsika kumanja kwake, kenako kumanzere.

Anapirira. Anadziuza kuti akangokhala osasuntha, kucha. Koma kenako china chake chinatsamira pa ntchafu yake. Chinali chozizira, chonyowa, chozungulira, cholemera ngati dzungu laling'ono. Chinadzikonza bwino, monga amachitira mwana wotopa akapeza pogona. Kudzera m'chitenje anamva tsitsi lodzaza mchenga. Ndipo kuchokera m'tsitsimo tinthu tina tofewa tinayamba kuyenda, kutsika pachitenje, kamodzi n'kugwera paphazi pake n'kumapindika.

Apo mtima wake unakana. Anadzambatuka, chinthu chija n'kugunda pansi. Anapapasa pashelufu, napeza botolo la mankhwala okwechera pansi ndi paketi ya mchere, n'kuwaza mbali zonse, pabedi, pakona, pakhomo.

"Tulukani. Muno ndi mosungira chakudya cha anthu amoyo. Mukununkha, simukudzimva? Tulukani nonse."

Ntchirikitchi ija inasiya. Kenako mawu a mzimayi, otsika, opanda mkwiyo, anamveka pafupi kwambiri ndi khutu lake.

"Tiyeni. Eni ake akana."

Chitseko chinatseguka. Kalavani inayamba kukwera pang'onopang'ono, phazi lililonse likatsika pa sitepe. Palibe anadandaula. Chomaliza kutsika chinali chopepuka kwambiri, ndipo chinazengereza pakhomo.

Elufe anatseka n'kupuma mpweya wa mankhwala ngati ndi maluwa. Tochi inayakanso. Bizweki anali atakhala pomwe paja, atagwira mutu, osamuyang'ana.

Mphepo inaipeza kalavani ili yopepuka. Inalowa pansi n'kuinyamula mbali imodzi, ndowa za mchenga zija n'kutsetsereka. Panja panamveka kulira kwa chitsulo, ndipo lamba mmodzi anayamba kumenya denga. Chikhomo chinali chitazuka. Posakhalitsa chinazukanso china. Sizinazuke ngati zokokedwa, zinangotuluka, ngati amene anazigwira pansipo watambasula zala.

Bizweki anatenga hamala n'kutuluka chokwawa. Elufe anamuona pa kuwala kwa mphezi akulimbana ndi lamba, kenako ngowe yachitsulo ya kumapeto kwa lambayo inazungulira m'mwamba n'kumumenya pamkono. Anabwerera akudzikoka ndi chigongono chimodzi, mkono winawo utapindika pamalo posapindika. Elufe anamukokera mkati. Nthawi yomweyo mwendo umodzi wa kalavani unachoka pathabwa, nyumba yonse inapendeka, mapoto, mbale ndi nyemba zonse zinakhuthukira pansi. Kudenga lata linayamba kung'ambika pakona.

Bizweki analankhula mano ali olumana.

"Achemwali, aitaneni. Ine ndinavomera kale. Amene mwakana ndi inu."

Elufe anamuyankha kuti kuli bwino iye afe kusiyana n'kuwaitana. Ananenadi choncho, ndipo pa nthawiyo ankakhulupirira. Koma kalavani inanyamukanso, nthawi ino matayala onse a mbali imodzi, n'kukhala m'mwamba nthawi yoti munthu n'kutchula dzina la mayi ake, isanagwe. Anaganiza za ana ake awiri amene anawasiya kwa mchemwali wake ku Migowi. Anakwawira kukhomo, kudutsa pamadzi onanda aja, n'kutsegula.

Mvula inamumenya kumaso ngati miyala. Anakuwa kuti pepani, lowani. Palibe chinachitika. Anakuwanso kuti analankhula mwano, abwere, abwere ndi ana. Mumdimamo, chapafupi, panali chinthu chamakona anayi chimene mphepo sinkachigwedeza, ndipo pansi pake panachokera mawu amchenga aja.

"Paja tikununkha, mayi."

Elufe anafuna kunama. Bodza linafika pamlomo, koma fungo linafikanso pomwepo, ndipo anadziwa kuti anthu amenewa sangawanamize.

"Inde, mukununkha. Lowanibe."

Sitepe inalira. Elufe anasuntha n'kukhala pansi, msana utatsamira bedi, maso atatsinzina, zozizira zikumukhudza pamapewa podutsa. Kalavani inatsika, inatsika, mpaka inakhazikika pa miyendo yake ngati ng'ombe yogona. Panja, pakati pa phokoso lonselo, hamala imene Bizweki anaitaya inayamba kumenya chitsulo, mosafulumira, ngati ya munthu wozolowera kumanga.

Kamwana kaja sikanatsamirenso pantchafu. Kanakwera pamiyendo penipeni, n'kuika mutu pachifuwa pake.

Musaganize kuti Elufe anasintha mtima pamenepo. Sanasinthe. Khungu lake lonse linkafuna kuthawa. Anakokera ndowa pafupi, n'kumatembenuza mutu kusanziramo, ngakhale munalibenso chosanza. Madzi ochokera m'kamwanako analowa m'bulauzi, kutsika pamimba, ndipo tinthu tofewa tija tinkayenda m'khosi mwake. Ankati akakhudza ndi dzanja kuti atichotse, ankakhudza zina zoipa kuposa pamenepo, zofewa pomwe payenera kulimba. Choncho manja anangowaika m'mwamba, kutali ndi thupi, ngati munthu woti wagwira ndowe.

Koma kamwanako kankanjenjemera. Kankanjenjemera mosalekeza, mano akugundana, ndipo kugundanako kunkamveka m'fupa la pachifuwa pake. Elufe anapirira mpaka analephera. Anamasula chitenje chapamwamba n'kukafunditsa, akudziuza kuti akungofuna kuphimba fungo. Kunjenjemera kunachepa. Kumanzere kwake mzimayi uja anapuma mpweya wautali, ndipo Elufe anatembenukiranso ku ndowa.

Kunacha mochedwa, kotuwa. Mphepo inali itatsika, mvula ikungowaza. Elufe atatsegula maso, pamiyendo pake panali chitenje chokha, chonyowa, chakuda pakati. M'mbali mwa makoma monse munali zizindikiro zamatope pomwe panakhala anthu, zazikulu ndi zazing'ono, mothithikana. Mphutsi zinali mu ufa, mu nyemba, m'mapoto, m'mbale. Anatuluka, navula zonse kuseri kwa mwala, n'kuima pamvula akudzikwecha ndi mchenga mpaka khungu linatuluka magazi.

Malamba onse anali omangika, olimba kuposa mmene anawasiyira Bizweki, ndipo hamala inali itaikidwa bwinobwino pa sitepe. Zikhomo zinazuka mosavuta. Kunsonga kwake kunali kwakuda, kwamafuta, ndipo pa chimodzi panakolekera kansanza ka maluwamaluwa. Elufe anazinyamula ndi timitengo.

Anamumanga Bizweki mkono ndi thabwa, iye n'kuyendetsa ndi dzanja limodzi. Thirakitala itangokoka, inalira ngati ikukwera phiri, chonsecho panali pachigwa. Elufe anacheuka. Matayala a kalavani anali ataphwatalala ngati yanyamula simenti. Onse awiri anaona, koma anapitiriza ulendo.

Njira yonse inali mitengo yogwa, madenga ali m'minda, anthu akutola ziwiya m'matope. Paliponse pamene ankadutsa, agalu ankathawira kuseri kwa nyumba n'kumalira.

Kumsasa anawalandira ndi chimwemwe, chifukwa ankayesa kuti afa. Koma amene anathamangira kukatsegula kalavani anabwerera atagwira mphuno. Elufe anataya ufa, anawotcha matiresi, anakwecha pansi ndi phulusa, ndi sopo, ndi mankhwala, ndi madzi owira. Kukacha, matope ankakhala atatulukanso m'mipata ya matabwa, m'malo omwe aja. Ndiwo zikalowamo m'mawa, masana zinkakhala zitachita thovu. Iye anasamukira m'tenti, n'kumaphikira kutali pansi pa mtengo, komabe amuna ankanunkhiza mbale asanadye, ena ankangoikankha. Madzulo, anthu akamacheza, kalavani inkalira yokha, ngati mkati wina akusintha mbali yokhalira. Mlonda anati anamvamo chifuwa.

A Khoviwa anapirira masiku angapo, kenako anatopa. Anati kalavaniyo inali yakale kale, eni kampani avomera kuti itayidwe. Analamula kuti aithire dizilo, aiwotche.

Elufe anali pomwepo akutsuka mbale. Iye ndi amene ankafunitsitsa kuposa wina aliyense kuti chinthucho chipse, fungo lithe. Koma anangomva pakamwa pake patuluka mawu.

"Muli ana."

Onse anamuyang'ana. Anadzida yekha chifukwa cha mawuwo, koma anali atatuluka. Anapukuta manja n'kuwauza a Khoviwa kuti ngati ndi yotaya, ampatse iye akaitaye yekha kumene akudziwa. A Khoviwa anayang'ana kalavani, anayang'ana chigubu cha dizilo, ndipo zinaoneka kuti nawonso sankafuna kukhala woyatsa machesi. Anangoti ichoke lero lomwe.

Bizweki, mkono uli m'chikhakha, sanakane. Anabwerera njira yomwe ija, thirakitala ikubuula, mpaka pa bwalo lamchenga lija. Kunali dzuwa, kumwamba kopanda kamtambo. Anaiimika kuseri kwa mwala womwe uja, anatsitsa miyendo, anatsekera matayala, anaponya malamba. Maenje a zikhomo anali akalipo, otseguka, ndipo Elufe ndi amene anamenya hamala, mutu atautembenuzira kumbali, akulavula pakati pa kumenya kulikonse.

Mkati anasiyamo mphasa, makapu, ndowa ndi tsache. Anamuuza Bizweki kuti asaganize kuti ndi chifundo, zinthuzo sakanathanso kuzigwira. Chitseko anachisiya chotsegula.

Atakwera thirakitala, Bizweki asanalize injini, anamva phokoso kuchokera m'kalavani. Linali tsache. Wina ankasesa, mosafulumira, kuyambira m'makona, ndipo timibulu tamatope ouma tinkadumpha pakhomo n'kugwera pamchenga. Elufe anati tiyeni.

Anayenda pang'ono, mpaka pomwe mchenga umathera n'kuyamba msewu. Pamenepo chitsulo chimene Elufe anakhalapo chinalira, ndipo chozizira chija, chonyowa, chinatsamira pa ntchafu yake n'kudzikonza bwino. Dzuwa linali likuswa mtengo. Pantchafupo sipankaoneka kanthu, koma chitenje chinkada pang'onopang'ono, mozungulira.

Malovu owawa anadzaza m'kamwa mwake. Anameza. Anamuuza Bizweki kuti aime. Kenako anatsitsa dzanja lamanja mpaka linakhudza tsitsi lamchenga lija, ndi zoyenda m'menemo, ndi pofewa paja. Sanalichotse. Anasisita kamodzi, kawiri.

"Tsika, mwanawe. Amako akusesa okha. Pita ukawatolere zinyalala."

Kanakhalabe pang'ono. Kenako kulemera kunachoka, ndipo pamchenga panaoneka timadontho tonyowa, tolunjika ku kalavani, tikuuma m'mbuyo mwake.

Elufe sanabwererenso ku ntchito yophika. Ali ku Migowi, amasoka zigamba pakhonde. Dzanja lijalo analitsuka ndi zonse zimene munthu angatsukire, ndipo ena akalinunkhiza amati silimveka kanthu. Iye amangowayang'ana. Kudya amadyera lamanzere, pa ukwati ndi pamaliro pomwe, ndipo osamudziwa amanong'onezana kuti mayiyu sanaleredwe.